Mabuku a H. G. Wells Onena za Nkhondo Zam'tsogolo ndi Mmene Owerenga Anawalandirira

Mwambo wolemba nkhani zopeka za nkhondo imene isanachitike unamera mizu ku Britain mu 1871. Chaka chimenecho George Chesney, mkulu wa asilikali, anatulutsa nkhani yotchedwa The Battle of Dorking m'magazini ya Blackwood's popanda kulembapo dzina lake. Nkhaniyo inali yoti adani olankhula Chijeremani awoloka nyanja n'kugonjetsa England. Pomwepo n'kuti dziko la Chijeremani la Prussia litangogonjetsa kumene France, choncho owerenga anagwidwa nthumanzi, ndipo nduna yaikulu William Gladstone inachita kudzudzula poyera mchitidwe woopseza anthu chotere. Olemba ambiri anatsata mapazi a Chesney, koma amene anapititsa luso limeneli patali ndi Herbert George Wells, wobadwira ku Bromley mu 1866.

Buku lake la The War of the Worlds linayamba kutuluka m'zigawo m'magazini ya Pearson's mu 1897, ndipo lathunthu linasindikizidwa mu 1898. Wells anasintha mdani: m'malo mwa Ajeremani anabweretsa zolengedwa zochokera ku Mars, zoyenda m'makina amiyendo itatu. Nthawi imene ankalemba ankakhala ku Woking, ndipo ankazungulira dera lonselo pa njinga akusankha misewu ndi nyumba zoti ziwotchedwe m'nkhaniyo. N'chifukwa chake owerenga a kumeneko ankazindikira malo awo enieni, monga thengo la Horsell Common pamene chombo choyamba chinagwera. Kumayambiriro kwa bukulo Wells anakumbutsa anthu akwawo mmene Azungu anapululira eni nthaka a ku Tasmania, pofuna kuti mtundu wozolowera kulanda maiko ulaweko kuwawa kwa kulandidwa. Pamapeto pake adaniwo sagonja ndi mfuti koma ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Si onse amene anatolamo chenjezo limeneli. Ku Massachusetts mnyamata wa zaka 16, Robert Goddard, anawerenga nkhaniyi mu 1898 ndipo mtima wake unakakamira pa ulendo wa m'mlengalenga. Mu March 1926 iyeyu anaulutsa roketi yoyamba yoyendera mafuta amadzimadzi.

Mabuku otsatira anapatsa Wells mbiri ya mlosi. Nkhani yake yaifupi ya The Land Ironclads ya 1903 inafotokoza magalimoto achitsulo odutsa pa ngalande za adani, ndipo akasinja enieni analowa pankhondo ku Somme mu September 1916. The War in the Air ya 1908 inasonyeza mizinda ikuphulitsidwa kuchokera m'mwamba, ndipo mu 1915 zombo zam'mlengalenga za Zeppelin zinaponya mabomba ku London.

Buku limene linasiya chipsera chachikulu ndi The World Set Free la 1914. Wells atawerenga zimene katswiri wa sayansi Frederick Soddy analemba pa radium, anapeka chida chimene anachitcha bomba la atomiki, loponyedwa ndi manja kuchokera m'ndege, lomwe limapitiriza kuphulika kwa masiku ambiri. M'nkhaniyo mizinda ikuluikulu itasanduka bwinja, atsogoleri amakumana n'kukhazikitsa boma limodzi la dziko lonse, ndipo apa ndi pamene panagona uthenga wa mlembiyo. Leo Szilard, katswiri wa sayansi wa ku Hungary, anawerenga bukuli mu 1932. Mu September 1933 ali ku London, akudikira kuwoloka msewu wa Southampton Row, anatulukira mfundo yoti atomu imodzi ikasweka ingathe kuswetsa zina motsatizana. Szilard yemweyo ndi amene anakonza kalata imene Albert Einstein anasainira mu 1939 yochenjeza Pulezidenti Roosevelt wa America za bomba lotere. Szilard ankanena yekha kuti buku la Wells ndi limene linamutsegula maso pa kuopsa kwa mphamvu imeneyi, ndipo mu 1945 anatsogolera pempho la asayansi lotsutsa kuponya bombalo pa Japan popanda kulipatsa dzikolo mpata wogonja.

Omvera wailesi nawonso analowa m'mbiri imeneyi. Pa 30 October 1938 Orson Welles anaulutsa sewero la The War of the Worlds pa wailesi ya CBS ngati nkhani zochitikadi ku New Jersey. Ena anakhulupirira n'kuchita mantha, ngakhale kuti ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti nyuzipepala zinakokomeza chipwirikiticho.

Otsutsa analiponso. Mu The Shape of Things to Come ya 1933 Wells analosera kuti nkhondo idzabuka mu 1940 pakati pa Germany ndi Poland, ndipo inayambadi mu September 1939. Komabe mu 1941 mlembi George Orwell, amene anakula akuwerenga Wells ndipo ankavomereza kuti anaumba maganizo a mbadwo wonse, analemba kuti mkuluyo anapeputsa Hitler. Kwa Orwell, Wells ankamvetsa makina koma sankamvetsa mphamvu ya chidani, kukonda mtundu wako ndi kupembedza mtsogoleri, zomwe zimakokera anthu kunkhondo.

Wells anamwalira pa 13 August 1946, patatha chaka chimodzi mabomba a atomiki atagwa ku Hiroshima ndi Nagasaki. Zida zambiri zimene anapeka anaziona ndi maso ake zikugwira ntchito, koma boma limodzi la dziko lonse limene ankalilimbikitsa kuti lithetse nkhondo silinakhazikitsidwe. Owerenga ake anagawanika motero mpaka lero: ena amamukumbukira chifukwa cha makina amene analosera, ena chifukwa cha chenjezo limene atsogoleri sanalimvere.