Usiku Umene Mwezi Unafiira ku Jamaica

M'caka ca 1502, mwezi wa Meyi, Christopher Columbus anacoka ku dooko la Cadiz m'dziko la Spain ndi zombo zinai, kulinga ku maiko a tsidya lija la Nyanja ya Atlantic. Umenewu unali ulendo wace wacinai, ndiponso womariza. Cimene cinamgonjetsa pa ulendowo sicinali namondwe kapena nkhondo ai, koma timphutsi ta m'madzi timene tiboola matabwa monga anankafumbwe acitira cimanga m'nkhokwe. Zombo ziwiri anazisiya m'njira, ndipo ziwiri zotsalazo zinalikulowa madzi usana ndi usiku, kotero kuti m'mwezi wa Juni 1503 anazikhazika pa mcenga kumpoto kwa cisumbu ca Jamaica, pamalo pochedwa lero St Ann's Bay. Pamenepo anthu oposa 100 anakhala caka cathunthu osowa poturukira.

Eni dziko, a mtundu wa Taino, anawalandira bwino. Analikubwera ndi mikate ya cinangwa, cimanga ndi nsomba, nalandira mikanda ndi timabelu. Koma akuru anati mlendo ndi mame, ndipo mame awa sanakamuka. Diego Mendez, amene anaoloka pa bwato kukapempha thandizo ku cisumbu ca Hispaniola, anangoti zii miyezi yambiri. Mu Januwale 1504 Francisco Porras anapandukira Columbus pamodzi ndi amarinyero ambiri, ndipo iwowa anayendayenda m'midzi ndi kulanda zinthu za anthu. Tsono eni dziko anatopa, nayamba kucepetsa cakudya, ndipo njala inalowa m'zombo.

Columbus anali nalo buku losindikizidwa lonena za mayendedwe a dzuwa ndi mwezi tsiku ndi tsiku. Powerenga m'menemo anapeza kuti atapita masiku atatu, pa 29 Febuluwale 1504, kudzakhala kadamsana wa mwezi. Kuti timvetse cimene anacita naco cidziwitsoco, timsiye pa mcengapo pang'ono, tiyambe tapenya mwezi weniweniwo.

Mwezi ulibe kuunika kwa iwo wokha. Uli mpira waukuru wa miyala ndi pfumbi, umene uzungulira dziko lathu pa mtunda wa makilomita ngati 384,000, ndipo kuwala kwace konse ndiko kwa dzuwa, monga denga la malata liwala masana. Nthawi zonse dzuwa liunikira theka limodzi la mpirawo, theka linalo liri mumdima. Pamene mwezi uli mbali imodzi ndi dzuwa, theka lowalalo litifulatira, ndipo usiku kuli mdima bii. Popita masiku awiri kapena atatu tiona kacigawo kumadzulo, ndipo tinena kuti mwezi wakhala. Pamene wafika mbali yina, dziko liri pakati, tiona theka lowalalo lonse. Ndiwo mwezi wathunthu, umene uturuka kum'mawa polowa dzuwa. Kuyambira mdima umodzi kufikira unzace apita masiku 29 ndi theka. Makolo ena a kuno kwathu anali nayo nthano yakuti mwezi ngwamitala: Puikani wa kumadzulo amdyetsa bwino nanenepa, koma Cekecani wa kum'mawa ammana, naonda. Anapenyetsa ndithu makolowo, pakuti mwezi ukula pooneka madzulo, nucepa pooneka mbanda kuca. Koma iwo sunenepa kapena kuonda. Cisinthika ndi cigawo cimene ife tiona.

Pophunzitsa ana ine nditenga nyali, dzungu ndi ndimu m'nyumba ya mdima. Nyali ikhale dzuwa, dzungu likhale dziko, ndimu ikhale mwezi. Kumbuyo kwa dzungu kuli mthunzi. Mukapititsa ndimu mumthunzimo ida, ndipo ameneyo ndiye kadamsana wa mwezi. Cifukwa cace sacitika nthawi yina koma pa mwezi wathunthu pokha. Mukaika ndimu pakati pa nyali ndi dzungu, kamthunzi kace kagwa pa dzungu. Ndiye kadamsana wa dzuwa, wa m'masiku a mdima. Mwana wocenjera afunsa msanga kuti, nanga bwanji sitimuona mwezi ndi mwezi? Cifukwa njira ya mwezi iri yopendekeka pang'ono, madigiri ngati 5, ndipo kawiri kawiri mwezi upita pamwamba kapena pansi pa mthunziwo. Nyengo zimene zitatuzi zilingana bwino zifika popita miyezi ngati 6. Ndiponso mwezi ukalowa wonse mumthunzi suzimiririka konse, koma ufiira, pakuti mpweya wokuta dziko ukhotetsa kuunika kofiira, konga kwa dzuwa polowa, nukufikitsa pa mwezi.

Zimenezi sanazipeza munthu mmodzi. Alembi a ku Babylon, mzinda umene m'Buku Lopatulika uchedwa Babulo, analemba akadamsana pa mapale a dothi kuyambira zaka zoposa 700 Kristu asanabadwe, mbadwo ndi mbadwo, kufikira anazindikira kuti kadamsana abweranso wofanana popita zaka 18 ndi masiku 11. Ku Athens, ngati zaka 450 Kristu asanabadwe, Anaxagoras anaphunzitsa kuti mwezi uwala ndi kuunika kwa dzuwa. Ndipo ponena kuti dzuwa ndi mwala wamoto anamuimba mlandu wonyoza milungu, nacoka mumzindamo. Pambuyo pace Aristotle anaona kuti mthunzi wa dziko pa mwezi uli wozungulira nthawi zonse, nati dziko liyenera kukhala lobulungira. Potsiriza anadza makina osindikiza. Mu 1474, ku Nuremberg, Regiomontanus anasindikiza buku loonetsa malo a dzuwa ndi mwezi kuyambira 1475 kufikira 1506, ndipo mabuku otere analowa m'zombo za amarinyero. Cotero nchito ya zaka zoposa 2,000 inakwana m'bokosi la munthu mmodzi.

Tibwerere tsono ku Jamaica. Nkhani ya usikuwo tiidziwa kwa Ferdinand, mwana wa Columbus, amene anali pomwepo ali mnyamata wa zaka 15, nalemba mbiri ya atate wace atakula. Columbus anaitana mafumu a m'midzi, nalankhula nao mwa womasulira. Anawauza kuti Mulungu wace wa Kumwamba wakwiya nao cifukwa ca kumana anthu ace cakudya, ndi kuti adzawalanga ndi njala ndi mliri; ndipo cizindikilo cace adzaciona pa mwezi poturuka. Ena anaopa, ena anaseka napita. Koma pofika madzulo a tsikulo mwezi unaturuka uli kuda mbali imodzi, ndipo pokwera mdimawo unakula, kufikira wonse unafiira ngati mwazi. Anthu anathamangira ku zombo kucokera mbali zonse ali kulira, atasenza cakudya, nampempha kuti awapembedzere. Iye analowa m'cipinda cace ca m'combo monga ngati akukalankhula ndi Mulungu, nacedwa momwemo. Pamene anaona kuti mthunzi uli pafupi kucoka anaturuka, nati Mulungu wawakhululukira. Mwezi unayeranso pamaso pao, ndipo kuyambira tsikulo cakudya sicinasowanso.

Ambiri pofotokoza nkhaniyi aseka anthu a ku Jamaica, natama kucenjera kwa Columbus. Ine sindipezapo coseketsa. Ncoona kuti anthu ace analikufa ndi njala, ndipo tisafulumire kuweruza munthu wozingwa. Koma eni dzikowo anadyetsa alendo miyezi 8, nabwezeredwa kulandidwa. Dandaulo lao linali lolungama. Iye sanawaposa nzeru za cibadwidwe. Anawaposa buku, limene analemba ndi ena. Ndipo coipitsitsa, anaika dzina la Mulungu pa bodza, pakuti mwezi ukadada ndithu ngakhale akadadzaza zombo zonse ndi cinangwa. Kadamsana wa mwezi aoneka nthawi imodzimodzi kwa onse amene mwezi wawaturukira. Pamene ku Jamaica kunali madzulo, ku Ulaya kunali pakati pa usiku, ndipo kuno ku maiko a m'mbali mwa nyanja yathu atambala anali pafupi kulira. Munthu woturuka panja nthawi yomweyo, ngati mitambo ya dzinja inalola, anaona mwezi womwewo uli psuu kumadzulo, iye wosammana Columbus ngakhale nsomba imodzi.

M'cipinda muja Columbus anali nayo nchito yina. Anali ndi galasi la mcenga loyesera nthawi, napima nalo kadamsanayo, pofuna kudziwa kuti ali kutari bwanji ndi kwao. Njirayo njabwino: popeza dziko litembenuka madigiri 15 pa ora limodzi, munthu akadziwa ora limene kadamsana waoneka kwao, ndi ora limene waoneka kumene iye ali, kusiyana kwace kumuuza mtunda wa pakati. Iye anapeza kuti Jamaica asiyana ndi Cadiz maora 7 ndi mphindi 15, pamene zoona zace safika maora 5. Potero anakankhira cisumbuco kumadzulo makilomita ngati 4,000, kufupi ndi Asia, kumene mtima wace unakhulupirira kuti wafikako.

Combo ca thandizo cinawacotsa kumapeto kwa Juni 1504. Columbus anafika ku Spain mu Novembala, namwalira ku Valladolid pa 20 Meyi 1506. Mu 1509 anthu a ku Spain anabweranso ku Jamaica ndi Juan de Esquivel, namanga mudzi wao wa Sevilla la Nueva pafupi ndi dooko lomwelo. Anagwiritsa eni dziko nchito yokakamiza, nthenda zacilendo zinalowanso, ndipo zisanathe zaka 100 midzi yambiri ya a Taino inasanduka mabwinja.