Carpenter Center for the Visual Arts

Carpenter Center for the Visual Arts ndi nyumba yophunziriramo ndi kuonetseramo zaluso zamakono ya Yunivesite ya Harvard, mumzinda wa Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts ku United States. Inamalizidwa mu 1963. Ndi nyumba yokhayo m'dzikolo imene pulani yake inajambulidwa ndi Le Corbusier, katswiri wa zomangamanga wobadwira ku Switzerland. Iye anamwalira mu 1965 asanaione itatha.

Mamangidwe

Nyumbayi ndi ya konkire ndipo mbali ina inakhazikika pa nsanamira. Njira ya oyenda pansi, yokhota ngati chilembo cha S, imakwera kuchokera mumsewu wa Quincy, n'kudutsa m'kati mwa nyumbayi, kukatsikira mumsewu wa Prescott. Pulaniyi inapangidwa kuti luso lisabisike: munthu aliyense wodutsa amatha kuona ophunzira akugwira ntchito kuseri kwa magalasi. Pamawindo pali timakoma ta konkire totchinga dzuwa.

Ntchito zake

Muli zipinda za zionetsero ndi zophunzirira. M'chipinda chapansi, bungwe la Harvard Film Archive limaonetsa mafilimu. Mu 1978, boma linaika nyumbayi pamndandanda wa malo ofunika m'mbiri ya dzikolo.