Dale Chihuly, Mmisiri wa Galasi

Dale Chihuly ndi mmisiri wa ku America amene anatenga galasi, chinthu chimene ambiri ankachiyesa choyenera mazenera, mabotolo ndi matambula okha, nachikweza kufikira chinapeza malo m'nyumba zosungiramo zaluso ndi m'minda ya maluwa ya m'maiko ambiri. Anabadwa pa 20 September 1941 mumzinda wa Tacoma, m'chigawo cha Washington, ndipo ubwana wake unadukizidwa ndi maliro awiri otsatizana, pakuti mkulu wake George anafa pa ngozi ya ndege m'chaka cha 1957, ndipo atate ake anatisiya chaka chotsatira, iye natsala ndi amayi ake okha.

Kuphunzira kwake

Pa sukulu ya ukachenjede ya University of Washington, kumene anamaliza maphunziro a kakonzedwe ka m'kati mwa nyumba mu 1965, mnyamatayu anayamba ndi kuomba nsalu, nalukiramo tizidutswa ta galasi pakati pa ulusi. Ndipo m'chaka chomwecho, atasungunula galasi m'chipinda cha pansi pa nyumba, anaviikamo paipi yachitsulo, nauzira mpweya, naona chithovu chake choyamba chikufufuma. Atagwirako ntchito ya usodzi ku Alaska kuti apeze ndalama, anakaphunzira pa mapazi a Harvey Littleton ku University of Wisconsin, kenaka ku Rhode Island School of Design. Koma popeza mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mu 1968 anaoloka nyanja kunka ku Venice, nakagwira ntchito pa fakitale ya Venini pa chilumba cha Murano, kumene anaona kuti amisiri akale a kumeneko sagwira ntchito payekhapayekha, koma m'gulu, aliyense ndi gawo lake. Atabwerera kwao anakhazikitsa Pilchuck Glass School mu 1971, mothandizidwa ndi John Hauberg ndi Anne Gould Hauberg, sukulu imene yasula amisiri ochuluka kufikira lero.

Kagwiridwe ka ntchito

Galasi limachokera ku mchenga wosakaniza ndi zina, umene amausungunula m'ng'anjo yotentha kuposa madigiri 1,000, kufikira utayenderera ngati uchi. Mmisiri amatapa phala lamotolo kunsonga ya paipi, nalitembenuza kosalekeza kuti lisadonthe, wina akuuzira mpweya, wina akuliumba ndi chipika chonyowa, wina akutchinga mkono wa mnzake kuti usapse. Ndipo popeza galasi limauma msanga, amalibwezera pamoto kawirikawiri, ndipo likatha amaliziziritsa pang'onopang'ono, kuopa kuti lingang'ambike.

Amisiri akale ankanyadira chotengera choongoka, cholingana mbali zonse. Chihuly anapatuka panjira imeneyi mu 1977, pamene anaona madengu akale a anthu oyamba kukhala m'dera la kwao atasungidwa ku Tacoma, opindika ndi olendewera chifukwa cha ukalamba ndi kulemera kwao. Ndipo poona kukongola m'kupindikako, analola moto, kuzungulira kwa paipi ndi kulemera kwa galasi lenilenilo kuti zimuumbire maonekedwe. M'menemo munabadwa ntchito zotchedwa Baskets, zimene zinatsatidwa ndi Seaforms mu 1980, zofanana ndi zamoyo za m'nyanja, ndi Macchia mu 1981, zamawangamawanga a mitundu yambirimbiri.

Tsoka ndi kusintha

Tsoka silinunkha. Mu 1976 ngozi ya galimoto ku England inamuchititsa khungu diso la kumanzere, ndipo mu 1979 phewa lake linaguluka akusambira m'mafunde, kotero kuti analeka kugwira paipi. Chimene chikadathetsa ntchito ya munthu wina chinakuza yake, pakuti ataima pambali, akujambula maganizo ake papepala ndi kulangiza gulu lake, anapeza kuti akuona ntchito yonse bwino koposa, ndi kuti manja ambiri angathe kupanga zazikulu zimene manja awiri sangazithe. Kunena zoona, mutu umodzi susenza denga. Mu 1988 anayamba ntchito zotchedwa Venetians pamodzi ndi katswiri wa ku Murano, Lino Tagliapietra, ndipo mu 1992 anayamba kulumikiza zidutswa mazanamazana kukhala zolendewera zazikulu zotchedwa Chandeliers.

Ntchito zazikulu

Mu 1996 anapachika zolendewera 14 m'mabwalo ndi m'mbali mwa ngalande za Venice, galasi lake lina atalipangira ku Finland, ku Ireland ndi ku Mexico pamodzi ndi amisiri a kumeneko. Mu 1998 anakuta denga la pofikira alendo pa hotela ya Bellagio ku Las Vegas ndi maluwa a galasi oposa 2,000. Chionetsero chake cha pa Tower of David ku Yerusalemu, chimene chinatsegulidwa mu 1999, chinaonedwa ndi anthu oposa miliyoni imodzi. Ndipo mu 2012 ku Seattle kunatsegulidwa Chihuly Garden and Glass, malo osungiramo ntchito zake.

Alipo ena amene amafunsa ngati nkoyenera kuti dzina la munthu mmodzi likhale pa ntchito yopangidwa ndi manja a ena. Funso limeneli nlolemera, ndipo amisiri amene amaima pang'anjo ayenera ulemu wao wonse; komabe Chihuly sanabise kuti amagwira ntchito ndi gulu, ndipo angapo mwa amene anamugwirira paipi, monga William Morris ndi Benjamin Moore, anadzakhala amisiri otchuka paokha.