Sikani ya amayi oyembekezera

Sikani ya amayi oyembekezera ndi njira younikira mwana ali m'mimba pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso lomwe khutu la munthu silingamve. Kachipangizo koyendetsa pamimba kamatumiza mafundewo, ndipo akagunda ziwalo za mwana amabwerera n'kupanga chithunzi. Ian Donald ndi anzake ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndiwo anafalitsa zotsatira zoyamba zodziwika bwino mu 1958. Sikani si ekisileyi: cheza cha ekisileyi chimatha kudula DNA, pamene mafunde a sikani alibe mphamvu yotero.

Nkhawa ya makromozomu

Makromozomu ndi timaulusi ta m'maselo tosunga malangizo a chibadwa, ndipo munthu amakhala nato 46. Mu 1970 Macintosh ndi Davey a ku Cape Town analemba kuti makina omvera mtima wa mwana wosabadwa anaononga makromozomu m'magazi omwe anawayesa mu labotale. Nkhaniyi inadetsa nkhawa madokotala, koma ofufuza ena atayesa sanapeze zomwezo, ndipo mu 1975 Macintosh mwini wake, atabwereza ntchitoyo ndi anzake ena, sanazipezenso. Mu 1979 gulu la Liebeskind ku New York linanena za kusinthana kwa tizidutswa ta makromozomu m'maselo a mu labotale. Ambiri mwa omwe anabwereza kafukufukuyo sanatsimikize zimenezi. Kafukufuku wotsatira ana omwe anaunikidwa ali m'mimba sanasonyeze kuchuluka kwa zilema kapena khansa.

Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti sikani ndiyo nthawi zina imaulula vuto. Matenda a Down, mwachitsanzo, amadza chifukwa cha kromozomu yowonjezera ya nambala 21, ndipo zimenezi zimachitika pamene pakati pakungoyamba, makina asanafike pamimba.

Kusamala

Mafundewa amatha kutenthetsa pang'ono minofu, makamaka pafupi ndi fupa. Choncho wounika amayenera kuchepetsa mphamvu ya makina ndi nthawi younikira. Sikani ya Doppler, yoona kayendedwe ka magazi, ili ndi mphamvu zambiri ndipo siyenera kuchitika popanda chifukwa m'miyezi itatu yoyamba. Kuunika pongofuna chithunzi chosunga kunyumba sikulimbikitsidwa.

Ku Malawi

Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense aunikidwe kamodzi pakati pasanakwane masabata 24, pofuna kudziwa msinkhu wa mimba, mapasa ndi zilema zina. Kumadera akumidzi monga kwa Tengani m'boma la Nsanje, vuto lenileni si kuunikidwa kambiri koma kusaunikidwa konse. Makinawa amapezeka kawirikawiri m'zipatala zazikulu, ndipo amayi ambiri amayamba sikelo mochedwa, nthawi yowerengera bwino msinkhu wa mimba itadutsa. Mayi amene sanaunikidwe angazindikire tsiku lochira lomwe kuti ali ndi mapasa, kapena kuti nsengwa yatseka njira ya mwana, ali kutali ndi chipatala chochita opaleshoni.