Mbiri ya Akatswiri a Masewera a Poker ku America

Poker ndi masewera a makadi obetcherana ndalama amene anakulira ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, makamaka mumzinda wa New Orleans ndi m'sitima zapamtsinje wa Mississippi. Amasiyana ndi juga zina chifukwa munthu salimbana ndi mwini kasino koma ndi anzake a patebulo. Wa makadi ofooka akhoza kudya ndalama zonse ngati wabetcha molimba mtima mpaka anzake kuchita mantha n'kutaya makadi awo. Mwayi umalamula usiku umodzi, koma pakapita miyezi luso limaonekera, ndipo n'chifukwa chake panapezeka anthu odyera poker ngati ntchito.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ntchitoyi inali yamseri. Ku Texas malamulo ankaletsa juga, choncho masewera ankachitikira m'zipinda zakuseri kwa mabala. Doyle Brunson, Sailor Roberts ndi Amarillo Slim ankayenda pagalimoto imodzi tawuni ndi tawuni, ndalama zawo zili m'thumba limodzi. Ankaopa apolisi, ankaopa ogawa makadi mwachinyengo, komanso achifwamba olowa ndi mfuti n'kusesa zonse za patebulo. Brunson anali wophunzira mpaka kukoleji. Ankafuna kukhala katswiri wa basketball, koma mwendo wake unathyoka pangozi ya kuntchito. Atalembedwa ntchito yogulitsa makina a muofesi sanachedwepo, ataona kuti maola ochepa patebulo amupatsa zoposa malipiro a mwezi wathunthu. Mtundu umene anthuwa ankaukonda unali Texas hold'em: aliyense amalandira makadi awiri obisa, kenako asanu amaikidwa poyera pakati pa tebulo kuti onse awagwiritse ntchito.

Dera la Nevada linaloleza juga mu 1931, ndipo m'kupita kwa nthawi akatswiri a ku Texas anasamukira ku Las Vegas, kumene ankasewera osayang'ana kuchitseko. Mu 1970 Benny Binion, mwini kasino ya Horseshoe, anawaitana ku mpikisano umene anautcha World Series of Poker. Chaka choyambacho katswiri sanapezeke pogonjetsa anzake. Osewerawo anaponya voti n'kusankha Johnny Moss, amene analandira chikho chasiliva. Mu 1971 anakhazikitsa dongosolo limene lilipo mpaka lero: onse amayamba mofanana, wodyedwa zonse amanyamuka, ndipo wotsala yekha ndiye katswiri. Analowa anthu 6 okha, aliyense atalipira madola 5,000, ndipo Moss anapambananso. Chaka chotsatira ndalama yolowera inakwera kufika madola 10,000. Amarillo Slim atapambana chaka chimenecho anayamba kuonekera pawailesi yakanema, ndipo anthu wamba anayamba kuona wosewera poker ngati katswiri osati chigawenga. Kuyambira 1976 opambana amalandira chibangili chagolide, chimene ambiri amachilemekeza kuposa ndalama chifukwa ndalama zimabwerera patebulo.

Moyo wa anthu awiri ukuonetsa kumene chikondi cha masewerawa chimafikitsa munthu. Brunson anapambana mpikisano waukulu mu 1976 ndi 1977, ndipo kawiri konseko makadi ake omaliza anali 10 ndi 2, makadi amene wosewera wanzeru amawataya osaganiza kawiri. Mpaka lero makadiwa amatchedwa dzina lake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anatulutsa buku lotchedwa Super/System, momwe anaulula njira zimene akatswiri ankabisa. Anapata zibangili 10 m'mipikisano yosiyanasiyana ya World Series of Poker, ndipo ngakhale anali atalemera kale, anapitiriza kusewera ali ndi zaka zoposa 80. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89.

Stu Ungar wa ku New York anayambira pa masewera ena a makadi otchedwa gin rummy, ndipo anawadziwa kwambiri moti anasowa womuyamba. Atatembenukira ku poker anapambana mu 1980 ndi 1981. Koma zimene ankadya patebulo ankakazitaya pobetcha pa akavalo ndi mpira, komanso pa mankhwala osokoneza bongo. Mu 1997 anabwerera ndi ndalama yolowera imene mnzake anamulipirira, napambana kachitatu, mphoto yake madola 1 miliyoni. Mu Novembala 1998 anapezeka atafa m'chipinda cha motelo yotchipa ku Las Vegas, ali ndi zaka 45, chuma chonse chitatha.

Zinthu ziwiri zinasintha ntchitoyi kotheratu. Choyamba ndi makamera oonetsa owonera makadi obisa. Pulogalamu ya ku Britain ya Late Night Poker inayamba kuchita zimenezi mu 1999, ndipo owonera anatha kuona munthu akubetcha chuma chake chonse alibe kanthu m'manja. Chachiwiri ndi intaneti. Mu 2003 Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anapeza mpando wa mpikisano waukulu atalipira madola osakwana 100 patsamba la poker la pa intaneti lotchedwa PokerStars, ndipo anagonjetsa anthu 838 n'kutenga madola 2.5 miliyoni. Pofika 2006 olowa anali 8,773. Achinyamata ambiri anayamba kusewera matebulo angapo nthawi imodzi pakompyuta, n'kuona m'miyezi yochepa masewera amene akale ankawaona m'zaka. Pa 15 Epulo 2011 boma la America linatseka masamba akuluakulu a poker m'dzikomo, ndipo akatswiri ena anasamukira ku Canada ndi Mexico kuti asasiye kusewera.

Katswiri wa lero amathera maola ambiri pakompyuta akuphunzira masamu a masewerawa. Ambiri amagulitsa magawo a mphoto yawo kwa anzawo mpikisano usanayambe, pofuna kuti miyezi yodyedwa isawagwetse, zimene sizikusiyana kwenikweni ndi thumba limodzi la Brunson ndi anzake. Pampikisano waukulu amene amalandirako kanthu ndi pafupifupi 15 mwa anthu 100 alionse, ena onse amabwerera chimanjamanja. Ngakhale zili choncho, mu 2024 analowa anthu 10,112, ndipo ndalama yolowera inali idakali madola 10,000 monga mu 1972.