Mbiri ya Njerwa za Tchalitchi cha St Michael ku Blantyre

Mfumukazi Victoria atangolowa ufumu ku Britain, njerwa inkatengedwa ngati ya mafakitale ndi nyumba wamba. Tchalitchi cholemekezeka chinkayenera kukhala cha miyala. Maganizowa anayamba kusintha m'chaka cha 1850, pamene boma linachotsa msonkho wa njerwa ndipo William Butterfield anayamba kumanga All Saints pa Margaret Street ku London. Iye anayala njerwa zofiira ndi zakuda mosinthanitsa, osazipaka pulasitala, ndipo pofika 1859 anthu anaona okha kuti njerwa nayo imakongoletsa nyumba ya Mulungu.

Patangopita zaka 30, njerwa inaonetsa mphamvu zake kuno kwathu. Amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo m'busa David Clement Scott anafika mu 1881. Mu 1888 anayamba kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels. Scott sanaphunzire zomangamanga, pulani yolembedwa panalibe, ndipo amuna a m'midzi yozungulira amene anagwira ntchitoyo anali asanamangepo chinyumba chotere.

Ankakumba dothi pafupi pomwepo, kuponda, kuumba m'zikombole za matabwa, kenako kuwotcha ndi nkhuni. Zikombolezo sizinali zofanana: njerwa za pa tchalitchichi zimawerengedwa kuti ndi za mitundu 81, zina zopindika, zina zosongoka. Asanamange chipilala kapena khomo lokhota, ankayamba ayala njerwa zouma popanda matope kuti aone ngati zigwirana. Zikakana, ankaphwasula n'kuyambiranso. Mukayang'anitsitsa nsanja ziwiri za kumaso, muona kuti sizofanana, ndipo pakati pa denga pali chozungulira chonga mphika wovundikira.

Tchalitchichi chinapatulidwa pa 10 Meyi 1891. Limba lalikulu linaikidwa mu 1907, magetsi mu 1912, ndipo m'zaka za m'ma 1970 tchalitchichi chinakonzedwanso osasintha maonekedwe ake. Lero chili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya CCAP, ndipo boma limachiteteza ngati chipilala cha dziko.

Mbiri imatchula kwambiri Scott, koma manja amene anaumba ndi kuyala njerwazo anali a makolo athu. Mukadzadutsa pa HHI ku Blantyre, pamene pali tchalitchichi, patukani pang'ono mukagwire khomalo.