Ndege ya sukulu imene inadzaponya mabomba ku Niassa

Ine ndine mlimi chabe, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma nkhani zakale ndimazikonda. Lero tikambirane za ndege ina imene akuluakulu amaikumbukira ndi kulira kwake. Dzina lake ndi T-6 Texan, koma Angerezi ndi a ku South Africa ankaitchula kuti Harvard.

Ndegeyi sanaipangire nkhondo ayi. Inapangidwa ku America ndi kampani ya North American m'zaka za m'ma 1930 kuti anyamata aziphunzirira kuuluka. Injini imodzi, mipando iwiri, wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo. Anapanga zoposa 15,000, ndipo ambiri amene anayendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaphunzirira pa imeneyi.

Nanga kuno inadzatani? Apwitikizi anali nazo kuyambira 1947. Nkhondo ya FRELIMO itayamba pa 25 Sepitembala 1964, iwo anaimangirira mfuti, maroketi ndi mabomba kunsi kwa mapiko. Bwalo lawo lalikulu kuno ku Niassa linali ku Nova Freixo. Musadabwe ndi dzinalo, ndi Cuamba yomweyi imene ife a ku Mecanhelas timapitako kukagulitsa mbewu. Bwalo lina linali ku Vila Cabral, kumene lero timati Lichinga.

Mwina wina afunsa, bwanji kutenga ndege yokalamba chonchi? Chifukwa inali yoyenda pang'onopang'ono. Ndege yaliwiro imangodutsa vuu, osaona kanthu. Koma iyi inkazungulira ngati kabawi pamwamba pa anapiye, kuperekeza magalimoto a asilikali, kuyang'ana utsi, tinjira ta m'tchire ndi minda. Inkateranso pa bwalo la dothi. Apa mpamene ine mlimi pamandiwawa. Munthu ali m'mwamba angadziwe bwanji kuti munda wa chinangwa uwu ukudyetsa ankhondo, uwu ndi wa mayi wamasiye? Onse amaoneka chimodzimodzi. Nkhondo inakula kwambiri kumpoto, cha ku Cobué, Metangula ndi Maniamba, ndipo mu 1965 anthu ambirimbiri anasiya minda yawo nkuthawira pa chilumba cha Likoma ku Malawi.

Kuyenda pang'onopang'ono komweko ndi kumene kunkaphetsanso oyendetsa ake. Kuti aone pansi ankatsika kwambiri, pamene chipolopolo cha mfuti wamba chimafika. Komanso ndegeyi ukaikhotetsa mwamphamvu liwiro lili lochepa, mapiko amaleka kugwira mphepo, imagwera mbali imodzi. Kusukulu zimenezi amaphunzira ali kutali m'mwamba kuti akhale ndi mpata woiwongola. Pamwamba pa mitengo mpata mulibe. Potera napo imavuta, matayala ake ndi oyandikana, ukangotayirira imatembenuka nkukhudza phiko pansi.

Zinthu zinasinthiratu mu 1973 ku Guinea-Bissau, dziko linanso limene Apwitikizi ankamenyako nkhondo. Ankhondo a PAIGC analandira mzinga wa ku Soviet Union wotchedwa Strela, wonyamula paphewa, umene umatsata kutentha kwa injini. Pa 6 Epulo chaka chimenecho anagwetsa ndege zitatu tsiku limodzi, imodzi mwa izo T-6, ndipo woyendetsa wake anafa. Pofika 1974 FRELIMO nayo inali nayo mizingayi. Pangano la ku Lusaka linasainidwa pa 7 Sepitembala 1974, nkhondo nkutha.

Apwitikizi anasiya kuigwiritsa ntchito mu 1978, koma a ku South Africa anaphunzitsirabe mpaka 1995. Zotsala zili m'manja mwa anthu olemera amene amachita nazo zionetsero ndi mipikisano, inde, ndege yomweyo imene agogo ankaibisalira pansi pa mtengo. Ngozi sizinathe. Pa 17 Sepitembala 2023 ku Reno, ku America, ziwiri zinawombana pofuna kutera mpikisano utatha, oyendetsa onse awiri anafera pomwepo.